Kuphunzira digital forensics ku England kudzera pa foundation year: chaka chowonjezeracho chimagula chiyani?

Pa mndandanda wa makosi a mayunivesite ambiri a ku England mumapezeka kosi imodzi yolembedwa kawiri. Koyamba imalembedwa kuti ndi digiri ya BSc ya digital forensics (kufufuza umboni wa milandu m'makompyuta ndi m'mafoni), ya zaka zitatu. Pansi pake ibweranso ndi dzina lomwelo, koma ya zaka zinayi, chifukwa kutsogolo kwake aikako chaka chotchedwa foundation year. Digiri yomwe munthu amalandira pomaliza ndi imodzimodzi, ndipo amene analowera khomo lachiwirili amadzakhala m'kalasi imodzi ndi anzawo kuyambira chaka chawo chachiwiri. Kusiyana kuli pa chaka choyambacho, pa ndalama zake, ndi pa mtundu wa munthu amene chinakonzedwera.

Anthu amafulumira kufunsa ngati khomo limeneli ndi la olephera mayeso. Funso limenelo silifikitsa munthu patali. Lofunika ndi lakuti ntchito ya digital forensics imafuna munthu wotani, ndipo chaka chowonjezeracho chimamuumba munthuyo kapena chimangomuwonjezera ngongole. Kuti tiyankhe, tiyambire ku ntchitoyo.

Ntchito imene wophunzira akukonzekera

Apolisi akalanda foni, laputopu kapena makina a CCTV pa mlandu, pamafunika munthu woti atulutse zomwe zili m'katimo, ndipo azitulutse m'njira yoti khoti lizikhulupirire. Mbali yachiwiriyi ndiyo yolemera. Kutsegula foni n'kuwerenga mauthenga aliyense angathe ngati ali ndi pasiwedi. Koma loya wa woimbidwa mlandu adzaimirira n'kufunsa kuti: mukutitsimikizira bwanji kuti uthengawu simunauikemo ndinu? Ndani anagwira foniyi kuchokera tsiku lomwe inalandidwa? Nthawi yomwe mukuti uthenga unatumizidwayo ndi ya wotchi iti? Wofufuza amene akuchita chibwibwi pa mafunso otere wautaya mlanduwo, ngakhale atapeza zoopsa zotani m'fonimo.

Edmond Locard, amene anatsegula labu ya apolisi ku Lyon mu 1910, ankaphunzitsa kuti zinthu ziwiri zikakhudzana, china chimasiya kanthu pa chinzake. Pa kompyuta mfundoyi imaluma mbali zonse. Wakuba amasiya mapazi, inde, koma wofufuzanso amasiya ake. Kungoyatsa kompyuta ya Windows kumasintha mafayilo ambirimbiri munthu asanakhudze chilichonse. N'chifukwa chake disiki imachotsedwa n'kulumikizidwa kudzera pa kachipangizo kotchedwa write blocker, kamene kamalola kuwerenga koma kamakana kulemba. Kenako amakopera disiki yonse, osati mafayilo okha, koma ngakhale malo amene kompyuta imati ndi opanda kanthu. Kafukufuku yense amachitikira pa kope limeneli, pomwe disiki yeniyeni imabwerera m'thumba lomata n'kukatsekeredwa, ndipo aliyense woigwira amasayina.

Kuti asonyeze kuti kope ndi lofanana ndi disiki yoyamba, amagwiritsa ntchito masamu otchedwa hash. Pulogalamu imawerenga zonse zomwe zili pa disiki n'kutulutsa mzere waufupi wa zilembo ndi manambala: njira ya MD5 imatulutsa 32, ya SHA-256 imatulutsa 64. Mukangosintha chilembo chimodzi pa disiki yonseyo, mzerewo umasinthiratu. Mizere iwiri ikafanana, ndiye kuti kope silinasokonezedwe. Koma ngakhale apa wophunzira amauzidwa kuti asagone tulo. Mu 2004 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Wang Xiaoyun linasonyeza kuti n'zotheka kupanga zinthu ziwiri zosiyana zokhala ndi MD5 imodzi, ndipo mu 2017 a Google pamodzi ndi bungwe la CWI la ku Amsterdam anatulutsa mafayilo awiri a PDF osiyana okhala ndi hash imodzi pa njira ina yotchedwa SHA-1. Malabu ambiri tsopano amawerengera hash ndi njira ziwiri nthawi imodzi.

Wophunzira aliyense wa kosiyi ku Britain amakumana msanga ndi mfundo zinayi za ACPO, bungwe la akuluakulu a polisi lomwe linalowedwa m'malo ndi NPCC mu 2015 koma mfundo zake zikadali kuphunzitsidwa. Yoyamba imati usasinthe chilichonse chomwe chingadzakhale umboni. Yachiwiri imavomereza kuti nthawi zina sungachitire mwina, ndipo pamenepo wokhudzayo akhale wodziwa ntchito, wotha kufotokozera khoti chifukwa chomwe anakhudzira ndi zomwe kukhudzako kunasintha. Yachitatu, imene ine ndimaiona kuti ndiyo mtima wa ntchito yonse, imati ulembe chilichonse chomwe wachita, moti munthu wina wapadera atatsata zolemba zakozo apeze zomwe iwe unapeza. Yachinayi imaika udindo wonse pa mkulu wa kafukufukuyo. Masiku ano pamwamba pa mfundozi pali lamulo: ofesi ya Forensic Science Regulator inapatsidwa mphamvu ndi lamulo la 2021, ndipo malamulo ake a kagwiridwe ka ntchito anayamba kugwira ntchito ku England ndi Wales pa 2 Okutobala 2023. Malabu amayembekezeredwa kukwaniritsa muyezo wa ISO 17025, kutanthauza mafomu, kuyesa zipangizo, ndi kulemba kosatha.

Mfundo yachiwiri ija imaonekera kwambiri pa mafoni. Foni yamakono simungaichotse disiki n'kuikopera ili yozima, popeza zonse zili m'katimo n'zobisidwa ndi encryption, njira yokhoma zinthu kuti zisawerengeke popanda kiyi. Iyenera kuyatsidwa, ndipo ikayaka ikhoza kulandira lamulo kuchokera kutali loti ifufute zonse, choncho imaikidwa m'thumba lotchinga netiweki lotchedwa Faraday bag. Zipangizo za makampani ngati Cellebrite ya ku Israel ndi MSAB ya ku Sweden ndizo zimagwiritsidwa ntchito potulutsa zomwe zili m'katimo, ndipo zimapambana pa foni ina n'kulephera pa ina. Kompyuta yopezeka ili yoyaka nayonso ili ndi vuto lake: mu RAM, momwe kompyuta imasunga zinthu kwakanthawi ikakhala yoyaka, mungakhale kiyi wotsegulira disiki yobisidwa, ndipo mukaizimitsa zonsezo zapita. Mwini wake akakana kupereka pasiwedi, gawo 49 la lamulo la RIPA la 2000 limalola kumulamula kuti apereke, ndipo wokana akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka ziwiri, kapena zisanu pa milandu ya chitetezo cha dziko ndi ya zithunzi zolaula za ana. Ndiye kuti wofufuza ayenera kudziwanso malamulo, osati makina okha.

Nanga mafayilo ofufutidwa amabwerera bwanji? Pa disiki ya Windows pali kaundula wotchedwa MFT, momwe fayilo iliyonse ili ndi malo ake, kawirikawiri a mabayiti 1,024. Mukafufuta fayilo, kompyuta imangolemba m'kaundulamo kuti malowa ndi aulere tsopano. Zili ngati mphunzitsi wafufuta dzina la mwana m'rejisitala koma mwanayo akadali pa benchi, ndipo achokapo pokhapokha wina akabwera kudzakhala pamalopo. Ngakhale kaundula atawonongeka, wofufuza amatha kusakasaka pa disiki zizindikiro zomwe mtundu uliwonse wa fayilo umayambira: chithunzi cha JPEG chimayamba ndi FF D8 FF, fayilo ya PDF imayamba ndi 25 50 44 46. Pa madisiki atsopano a SSD zinthu zavutirapo, chifukwa lamulo lotchedwa TRIM limachititsa disiki kuyeretsa yokha malo ofufutidwa. Taonani kuti manambala onsewa ali mu hexadecimal, kawerengedwe ka 16 m'malo mwa 10. Munthu amene sakudziwa kuti FF ndi 255, kapena kuti mabayiti 01 00 00 00 akhoza kutanthauza 1 kapena 16,777,216 malinga ndi mbali yomwe makinawo amayambira kuwerenga, adzangokhala wodina mabatani a pulogalamu osadziwa ngati ikunena zoona.

Nthawi ndiyo imagwetsa ambiri. Windows imawerenga nthawi kuyambira pa 1 Januwale 1601, makina a Unix ndi Linux amayambira pa 1 Januwale 1970, pomwe mapulogalamu ambiri a Apple amayambira pa 1 Januwale 2001. Disiki yokonzedwa m'njira ya NTFS, ya Windows, imasunga nthawi ya UTC, yomwe ndi imodzi pa dziko lonse lapansi, koma ya FAT, yomwe imapezeka pa mafulashi ndi timakadi ta kamera, imasunga nthawi ya kumaloko. Onjezani apo kuti Britain imasuntha mawotchi ake ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi n'kuwabweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Ola limodzi lolakwika likhoza kuika munthu pamalo a mlandu pomwe iye anali kwina.

Milandu iwiri ya ku America imasonyeza bwino mphamvu ndi ngozi ya ntchitoyi. Dennis Rader anapha anthu 10 m'dera la Wichita ku Kansas pakati pa 1974 ndi 1991 osagwidwa. Mu Febuluwale 2005 anatumiza disiki ya floppy ku wailesi yakanema ya kumeneko, atafunsa kaye apolisi ngati disiki ingamuulule, iwo n'kumuyankha kudzera m'nyuzipepala kuti palibe vuto. M'disikimo munali fayilo ya Word yofufutidwa, ndipo zobisika za fayiloyo zinatchula tchalitchi cha Christ Lutheran ndi dzina lakuti Dennis. Anamangidwa mwezi womwewo. Koma pa mlandu wa Casey Anthony, mayi amene ankaimbidwa mlandu wopha mwana wake ku Florida, mu 2011 oimira boma anauza khoti kuti tsamba lina la pa intaneti lonena za chloroform, mankhwala okomola munthu, linatsegulidwa ka 84 pa kompyuta ya m'nyumbamo. Nambala imeneyo inachokera ku pulogalamu imodzi yofufuzira. Pulogalamu ina inali itasonyeza kuti linatsegulidwa kamodzi, ndipo wopanga pulogalamu yoyambayo ataunikanso anapeza kuti kamodziko ndiko kunali koona.

Ku Britain komweko phunziro lowawa kwambiri ndi la Post Office. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi anaimbidwa milandu ya kuba ndi chinyengo chifukwa pulogalamu ya Horizon, yopangidwa ndi Fujitsu, inkasonyeza kuti ndalama zasowa. Ena anakalowa m'ndende, ena anagulitsa nyumba pobweza ndalama zomwe sanabe. Lamulo lakale, gawo 69 la PACE ya 1984, linkafuna kuti wobweretsa umboni wa kompyuta asonyeze kuti kompyutayo inkagwira bwino ntchito, koma linachotsedwa ndi lamulo la 1999, ndipo makhoti anayamba kuganiza kuti kompyuta ili bwino pokhapokha wina atasonyeza kuti ili ndi vuto. Khoti lalikulu linagamula mu 2019 kuti Horizon inali ndi zolakwika zambiri, ndipo mu Epulo 2021 khoti la apilo linafafaniza milandu ya anthu 39 nthawi imodzi. Munthu wofunika pa ntchito ya digital forensics ndi amene amafunsa makina kuti "watsimikiza bwanji?" Wotero sapangidwa ndi kukonda makompyuta kokha.

Khomo la foundation year

Kulowa yunivesite ku Britain kumadzera ku bungwe la UCAS, komwe munthu amasankha makosi osapitirira asanu, ndipo tsiku lalikulu lotsekera limakhala mu Januwale. Zotsatira za mayeso zimasandutsidwa mapointi. Pa A-level, mayeso omaliza a ku sekondale, giredi A* ndi mapointi 56, A ndi 48, B ndi 40, C ndi 32, D ndi 24, E ndi 16. Choncho wopeza B, B ndi C ali ndi 112, ndipo makosi ambiri a zaka zitatu a digital forensics amafuna mapointi ozungulira pamenepo. Khomo la foundation year limafuna ochepa kwambiri, kawirikawiri pafupifupi theka la amenewo. Chomwe sichitsika kwenikweni ndi GCSE, mayeso olembedwa munthu asanafike pa A-level: mayunivesite ambiri amafunabe giredi 4 pa masamu ndi Chingerezi.

Olowera khomo limeneli ndi amitundumitundu. Alipo amene mayeso sanawayendere bwino, alipo amene anakhoza koma anatenga maphunziro osakhudzana ndi makompyuta, ndipo alipo akuluakulu amene anasiya sukulu kalekale, agwira ntchito zaka zambiri, mwina ku usilikali kapena m'masitolo okonza mafoni, ndipo akufuna kusintha ntchito. Kwa gulu lomalizali mayunivesite ambiri amayang'ana zomwe munthu wachita pa moyo wake kuposa mapointi.

Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti m'chaka chimenechi digital forensics yeniyeniyo imakhala yochepa. Kawirikawiri wophunzira amakhala pamodzi ndi onse a dipatimenti ya makompyuta, ofuna kudzapanga magemu, ofuna za netiweki, ofuna za chitetezo cha pa intaneti. Amaphunzira masamu a makompyuta, monga binary, hexadecimal ndi logic. Amayamba kulemba mapulogalamu, nthawi zambiri mu Python. Amaphunzira m'mene kompyuta inapangidwira m'kati, m'mene makompyuta amalankhulirana, ndiponso kalembedwe ka ku yunivesite: kufufuza, kutchula komwe watenga mfundo, kulemba lipoti, kuima pamaso pa anthu n'kufotokoza. Wobwera ndi chiyembekezo choti sabata yoyamba adzathyola pasiwedi ya foni amakhumudwa, ndipo ena amaona phunziro la kalembedwe ngati lotaya nthawi.

Apa ndi pomwe amalakwitsa. Tabwererani ku zomwe tafotokoza pamwambapa. Hexadecimal ija ndiyo imakuthandizani kutsegula disiki ndi maso anu n'kuona ngati pulogalamu yanama. Python ija ndiyo mudzalembere kapulogalamu kanu tsiku lomwe mwakumana ndi app yatsopano imene zipangizo zodula sizikuidziwa. Lipoti lija ndilo chinthu chokhacho chimene jaji ndi anthu 12 oweruza nawo mlandu adzachione, ndipo ambiri a iwo sadziwa kuti MFT n'chiyani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chaka cha foundation year ndi chokhacho pa kosi yonse chomwe munthu ali ndi mpata wodekha pa zinthu zoyambirira. Pa kosi ya zaka zitatu zonsezi zimathamangitsidwa m'miyezi yochepa, poganiza kuti munabwera nazo kale.

Chakacho chili ndi makirediti 120 ngati zaka zinazo, koma chili pa mlingo wa 3, wofanana ndi A-level, pomwe zaka za digiri zili pa mlingo wa 4, 5 ndi 6. Malikisi okhozera nthawi zambiri ndi 40 pa 100, ndipo wokhoza amapitirira popanda kufunsiranso malo ku UCAS. Malikisi a chakachi kawirikawiri sawerengedwa posankha kuti digiri yanu ndi First, yomwe imayambira pa 70, kapena 2:1, yomwe imayambira pa 60. Zimenezi zimapatsa mpata wolakwitsa popanda kudzipweteka, koma zimanyenganso ena kuti angofikira pa 40 basi, n'kukagwa chaka chotsatira. Ubwino wina ndi wakuti popeza chakacho n'chofanana kwa onse a dipatimentiyo, mayunivesite ambiri amalola kusintha kosi pomaliza pake ngati mwaona kuti mtima wanu uli kwina.

Pali zinthu ziwiri zomwe mayina ake amasokoneza. Foundation degree si foundation year: ndi kosi ya zaka ziwiri pa mlingo wa 4 ndi 5, ya makirediti 240, imene munthu amatha kuwonjezerapo chaka chimodzi kuti ikhale digiri yathunthu. Ndiye pali foundation ya ophunzira ochokera kunja, imene kawirikawiri imayendetsedwa ndi makampani ngati INTO, Kaplan, Navitas ndi Study Group mogwirizana ndi yunivesite. Imeneyi imakonzedwera anthu amene satifiketi ya kwawo siifika pa A-level, imakhala ndi Chingerezi chambiri, ndipo kupitirira ku digiri kumadalira malikisi omwe anagwirizana, amene akhoza kuposa 40. Wopita pa visa ya ophunzira adziwenso kuti kosi yosafika pa mlingo wa digiri imalola kugwira ganyu maola 10 okha pa sabata nthawi ya sukulu, pomwe ya digiri imalola 20.

Ndalama zake

Kwa ophunzira a ku England, fizi yapamwamba kwambiri inakhala £9,250 pa chaka kuyambira 2017, kenako inakwera kufika £9,535 m'chaka cha 2025/26. Pa mtengo umenewu zaka zitatu ndi £28,605, zinayi ndi £38,140, osawerengera ngongole ya chakudya ndi pogona ya chaka chowonjezeracho, komanso malipiro a chaka chimodzi chomwe munthu akanakhala ali pa ntchito. Kuyambira 2025/26 boma linatsitsa fizi ya foundation year kufika £5,760, koma pa maphunziro ongophunzirira m'kalasi okha, monga a bizinesi ndi a zachikhalidwe cha anthu. Makosi a makompyuta ndi sayansi kawirikawiri sali m'gulu limenelo. Ophunzira ochokera kunja amalipira zambiri kuposa apa, ndipo ngongole ya boma siiwakhudza.

Foundation year yolumikizidwa ku digiri imalipiridwa ndi Student Finance England, bungwe lopereka ngongole ya boma kwa ophunzira, ngati gawo la kosiyo. Amene anayamba kuyambira Ogasiti 2023 ali pa dongosolo lobwezera ngongole lotchedwa Plan 5: amabweza 9 pa 100 iliyonse ya malipiro opitirira £25,000 pa chaka, ndipo zotsala zimakhululukidwa pakatha zaka 40. Lamulo lina loti muzilikumbukira n'lakuti ngongole ya fizi imaperekedwa pa zaka za kosi yanu kuwonjezapo chaka chimodzi. Mukabwereza foundation year, chaka chapaderacho chatha, ndipo mukadzapunthwanso kutsogolo mukhoza kulipira nokha.

Si onse amakhulupirira kuti chakachi n'choyenera mtengo wake. Lipoti la komiti yotsogozedwa ndi Philip Augar mu 2019 linalangiza boma kuti lisiye kupereka ngongole pa foundation year, ponena kuti dipuloma ya Access to Higher Education imachita ntchito yofanana pa mtengo wotsika. Dipuloma imeneyi imaphunziridwa chaka chimodzi pa koleji, makamaka ndi anthu akuluakulu, ndipo ngongole yake ya Advanced Learner Loan imafafanizidwa munthu akamaliza digiri. Imakusiyaninso omasuka kufunsira malo ku yunivesite iliyonse yoivomereza. Kwa wachinyamata amene anaperewera pang'ono, kubwereza A-level imodzi kapena kuyesa mwayi pa Clearing, njira ya UCAS yopezera malo otsala m'mayunivesite, mu Ogasiti kungakhale kotchipa kwambiri. Maganizo anga ndi akuti munthu wodziwa kale kulemba mapulogalamu, amene wangosowa mapointi ochepa, asafulumire kulipira chaka chathunthu pa zinthu zomwe akuzidziwa. Koma amene sanaonepo hexadecimal, kapena watha zaka zambiri osalemba nkhani ya masamba asanu, ndipo akufuna kuzolowera malabu ndi aphunzitsi omwe adzakhale nawo zaka zitatu zotsatira, chakacho chimamupindulira.

Kusankha kosi, ndi zomwe zili kutsogolo

Mayunivesite ngati Birmingham City, Leeds Beckett, De Montfort, Portsmouth, UWE Bristol ndi South Wales akhala akuphunzitsa maphunziro a mtundu umenewu kwa zaka zambiri, koma mayina a makosi amasinthasintha, ndipo ambiri tsopano anaphatikizidwa ndi cyber security. Ziwirizi n'zapachibale koma si chimodzi. Cyber security imayang'ana kutchinga wakuba asanalowe, pomwe digital forensics imabwera zinthu zitachitika kale kudzafotokoza kuti anachita ndani, liti, motani. Kosi ikhoza kukhala ndi mawu akuti forensics pa dzina koma phunziro lake lenileni n'kukhala limodzi lokha pa zaka zonse. Werengani mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse. Funsani ngati labu ili ndi zipangizo zomwe olemba ntchito amagwiritsa ntchito, monga EnCase, FTK, X-Ways, Magnet AXIOM ndi Cellebrite, komanso ngati wophunzira aliyense amazigwira ndi manja ake kapena amangoonerera. Funsani ngati pali khoti loyeserera momwe mudzapanikizidwe ndi mafunso pa lipoti lanu. Onani ngati kosiyo ndi yovomerezedwa ndi mabungwe a akatswiri ngati BCS, Chartered Society of Forensic Sciences kapena NCSC. Ndipo funsani mosabisa kuti mwa omwe anayamba foundation year chaka chatha, ndi angati anapitirira, komanso ngati chakacho chimaphunzitsidwa pa yunivesite pomwepo kapena pa koleji ina yogwirizana nayo. Chaka chokagwira ntchito ku kampani kapena ku polisi pakati pa kosi n'chamtengo wapatali pofuna ntchito, koma kwa wolowera pa foundation ndiye kuti zaka zonse zakwana zisanu.

Ntchito ilipo yambiri. Mu Disembala 2022 bungwe loyendera apolisi la HMICFRS linapeza kuti zipangizo zoposa 25,000 zinali kudikira kuunikidwa ku England ndi Wales. Koma pali zinthu ziwiri zomwe timabuku totsatsa makosi sitinena mokweza. Choyamba, gawo lalikulu la ntchito ya m'malabu a polisi ndi milandu yozunza ana, ndipo wofufuza amayenera kuona zithunzizo n'kuziika m'magulu A, B ndi C malinga ndi kuipa kwake. Nkhokwe ya apolisi ya zithunzi zotere yotchedwa CAID, yomwe inakhazikitsidwa mu 2014, imathandiza pozindikira zithunzi zodziwika kale kudzera mu hash kuti munthu asazionenso, koma zatsopano zimafunabe maso a munthu. Ndi bwino kuganizira zimenezi musanalipire chaka choyamba, osati mutamaliza chachinayi. Chachiwiri, ntchito za polisi ndi za boma zimafuna kufufuzidwa mbiri yanu, kuphatikizapo milandu, ngongole ndi anthu omwe mumakhala nawo, ndipo kawirikawiri amafuna kuti mukhale mutakhala m'dzikomo zaka zitatu zapitazo, pa maudindo ena zisanu kapena kupitirira. Wochokera kunja aziwerengere zimenezi. Kunja kwa polisi kuli makampani ofufuza akuba a pa intaneti akathyola makina a bungwe, mabanki, makampani owerengera ndalama, ndi ntchito yosanthula maimelo ndi zikalata pa milandu ya makampani, ndipo malipiro a kumeneko nthawi zambiri amaposa a ku polisi.

Pali njira yotchipa yodziyesera musanadzaze fomu ya UCAS. Pulogalamu ya Autopsy, yomwe inayambitsidwa ndi Brian Carrier, ndi yaulere, chimodzimodzinso FTK Imager. Bungwe la NIST la ku America ndi tsamba la Digital Corpora ali ndi makope a madisiki opangidwira kuphunzirira. Tengani fulashi yanu, ikanimo zithunzi, zifufuteni, kopani fulashiyo, werengerani hash, ndipo yesani kubweza zithunzizo uku mukulemba chilichonse chomwe mwachita ndi nthawi yake. Kenako patsani mnzanu zolembazo kuti atsate popanda inu kumuuza kanthu. Ngati masana onsewo akusangalatsani, ndi kulembako komwe, kosiyi ikuyenerani. Ngati mwakakamira pa manambala ndi pa kalembedwe koma chidwi chilipo, ndiye kuti ndinu munthu amene foundation year inakonzedwera. Zoyesererazi zichitike pa zipangizo zanu zokha kapena pa makope ophunzirira aja: pansi pa Computer Misuse Act ya 1990, kulowa mu kompyuta kapena foni ya wina popanda chilolezo ndi mlandu wofika zaka ziwiri m'ndende, ndipo mlandu wotere ukhoza kukulepheretsani pa kufufuzidwa mbiri kuja ngakhale digiri mutaikhoza bwino.